Mutu 5: Nsalu ya Mtundu wa Papaya

1. Sitolo ya m'manja

Tausi Mbwana analibe sitolo, analibe benchi, ngakhale chitenje chimodzi chogulitsa analibe. Koma mukanamufunsa ntchito yake, akanakuyankhani mosaphethira kuti ndi wamalonda wa ku Kariakoo, msika waukulu wa mu Dar es Salaam.

Sikuti ankanama. Tausi anali winga. Mawinga ndi achinyamata aja amazungulira m'masitolo a eni ake, kujambula katundu, kuika zithunzi pa WhatsApp ndi pa Instagram, n'kuwonjezera kangachepe pamtengo. Wogula akapezeka, winga amathamangira kusitolo, kugula, kukulunga, n'kutumiza pabasi. Chuma chonse cha Tausi chinali foni yong'aluka pakona ndi dzina lake.

Chimalizireni Fomu 4 ankangogulitsa tizinthu ta apo ndi apo. Lero duku, mawa chikwama, mkuja osagulitsa kanthu. Koma sabata imeneyo mwayi unamugwera. Mama Lusajo a ku Mbeya anaona chithunzi cha chitenje cha maluwa pa sitetasi yake ndipo anachikonda. Mwana wawo Tumpale ankakwatiwa, ndipo paphwando lomutsazika amayi onse a komiti ankafunika kuvala sare, nsalu yofanana. Anaitanitsa mulu wonse, ndalama n'kutumiziratu pafoni.

Tsono Mama Lusajo sanali munthu wamba. Kutchalitchi analipo, kugulu la amayi osunga ndalama analipo, kumaukwati ndi kumaliro mawu awo ndiwo ankamveka. Akakutamani iwo, Mbeya yense wakutsegulirani chitseko. Akakunenani, iwalani za Mbeya.

M'mawa wa tsiku lotumiza, Tausi anadumpha m'daladala, minibasi ya mumzindamo, isanaime bwino. Anadutsa pakati pa ngolo, njinga zamoto ndi anthu osenza mitolo, mpaka kukalowa m'kanjira ka mdima komwe kunali sitolo ya Bi Chausiku, mayi wogulitsa zitenje.

"Shikamoo, Bi Chausiku," anapereka moni Tausi mwaulemu.

"Marahaba. Lero ndiye wafika ngati akukuthamangitsa. Nsalu zako ndi izo, ndakusungira."

Tausi anatenga chitenje chimodzi kuti akachijambule panja, kasitomala aone kuti katundu wakonzeka. Atangofika padzuwa, foni inanjenjemera. Unali uthenga wa mawu wochokera kwa Mama Lusajo.

"Mwanangu Tausi, wadzuka bwanji? Ife kuno sitikugona. Chithunzi chako chija tayenda nacho paliponse. Nsapato tagula za mtundu womwewo, maduku tagula, wokongoletsa holo naye wagula makatani ndi maluwa. Zonse papaya, papaya wakupsa! Tumpale akuti ngakhale keke ikhale ya mtundu umenewo. Nsalu ikwere basi ya lero, mwanangu. Atelala akudikira sizasi zili m'manja."

Tausi anayang'ana chitenje chili m'manja mwake. Anayang'ana chithunzi cha pafoni. Anayang'ananso chitenje.

Cha pafoni chinali chowala ngati papaya wakupsa ndithu. Cha m'manja chinali chofiirira ngati njerwa yootcha.

Apo m'pamene anakumbukira. Tsiku lojambula, musitolo munali mdima ndipo chithunzi chinatuluka chodera. Iye anatsegula filita, kachipangizo ka m'foni kowalitsira zithunzi, n'kukankha chala mpaka nsaluyo inayaka. Mawinga onse amatero, ndipo pofika madzulo anali ataiwala. Tsopano mantha anamugwira.

2. Diso lobwereka

Bi Chausiku anayamba kugulitsa zitenje Tausi asanabadwe. Anali mayi wamkulu thupi, wa magalasi olendewera pachingwe, ndipo kanthu sikankawadutsa.

"Wauma ngati waona njoka," anatero Tausi atabwerera mkati. "Chavuta n'chiyani?"

Tausi anawapatsa foni. Iwo anavala magalasi, anaika foniyo pamwamba pa chitenje, n'kuyang'ana zonse ziwiri.

"Nsalu iyi ndi ya ndani?"

"Ndi yanu yomweyi, Bi Chausiku."

"Ayi. Yanga ndi iyi ili pansiyi. Ya m'galasiyi sindinayambe ndaitanitsapo."

Anamvetsera uthenga wa Mama Lusajo mpaka kumapeto. Kenaka anakankhira kampando ndi phazi.

"Khala pansi, mwanawe. Ine foni sindidana nayo. Taona, ndili nawo awiri. Makasitomala anga a ku Kigoma ndi ku Mtwara sindinawaonepo nkhope, koma timagulitsana chaka ndi chaka. Chinthu chimenechi chinatifupikitsira njira. Koma mvetsetsa. Munthu akabwera pano amagwira nsalu, amaitulutsa padzuwa, wina amachita kuinyowetsa ndi malovu kuti aone ngati isuluka. Akagula, wagula ndi maso ake. Mayi wa ku Mbeya uja alibe dzanja pano, alibe diso pano. Diso lake ndiwe. Ndiye iwe wamubwereka diso lonama."

"Sindinafune kunama. Munali mdima basi."

"Ndikudziwa. Ukanakhala wakuba sukanauma chonchi. Koma kulakwa kwa tsiku lija kunali kwa chibwana. Kwa lero, ukatumiza uli chete, kukhala kwa dala. Usasokoneze ziwirizi."

Foni ya Tausi inanjenjemeranso. Iye anaigwira, koma Bi Chausiku anaika dzanja lawo pamwamba.

"Isiye kaye, sindinamalize. Kale kasitomala akakhumudwa ankauza mnzake wapafupi, nkhani n'kuthera pampopi. Lero amangodina ndi chala chimodzi, dziko lonse lamva dzuwa lisanalowe. Ine ndikalakwitsa, sitolo ili ndi khomo. Munthu amabwera, timakalipirana, timamwa tiyi, timakhululukirana. Iwe khomo ulibe. Anthu akutumizira ndalama asanakuone chifukwa cha dzina lako lokha. Limenelo likawonongeka udzagulitsa chiyani? Ndaona atsikana ochenjera kuposa iwe akubisala kuseri kwa mitolo muno, kuthawa anthu amene anawadyetsa dzulo. Sindikufuna kudzakubisa iwenso."

"Ndiye nditani?"

"Tuluka panja, ima padzuwa, uwaimbire pavidiyo. Uwaonetse nsalu monga ilili. Akukalipira, inde, ndipo uyenera kumva. Mwina aikana. Akaikana ine ndiilandira, sinadulidwe, ndipo uwabwezera zawo. Mwinanso aona kuti ndi nsalu yabwino, chifukwa ndi yabwinodi. Koma asankhe okha."

"Koma agula kale nsapato, makatani, zonse!"

"N'chifukwa chake ayenera kumva lero, telala asanaikepo sizasi. Wakutsina khutu ndi mnansi, Tausi."

Tausi anaimirira. Miyendo sinkamulola kukhala.

"Ndikayang'ane kaye. Kariakoo ndi wamkulu. Mwina mtundu umenewu ulipo kwina."

Bi Chausiku anavula magalasi.

"Pita. Miyendo ndi yako. Koma ofesi ya mabasi sidikira munthu."

3. Kusaka nsalu yomwe kulibe

Anayambira mumsewu wa Congo, momwe munthu amayenda chammbali chifukwa cha kuthithikana. Analowa sitolo iyi, anatuluka, analowa inayo. Paliponse ankatambasula dzanja, foni patsogolo.

"Muli nayo iyi?"

"Tinali nayo," ankatero ena, osayang'ana n'komwe. Ku Kariakoo palibe wamalonda amene amavomera kuti chinthu sanachionepo.

Kwina anapeza mtundu wa papaya weniweni, koma m'malo mwa maluwa munali nsomba. Kwina anapeza maluwa omwewo, koma a buluu. Anakwera masitepe a nyumba zosanja, anatsikira m'masitolo a pansi pa nthaka momwe mpweya unali wotentha ngati wa m'uvuni. Thukuta linanyowetsa bulauzi yonse.

Foni sinamupatse mpata. "Wafika pati, mwanangu?" analemba Mama Lusajo.

"Ndili m'njira, Mama," anayankha akuyenda, n'kuombana ndi munthu wosenza mabeseni.

"Yang'ana kutsogolo, iwe! Msewu suli m'fonimo!"

Pomaliza anafika kwa Mzee Faki, mkulu wina yemwe ankaitanitsa zitenje m'makontena n'kumagulitsa kwa eni masitolo. Ngati nsalu inalowapo mu Dar es Salaam, iwo ankaidziwa. Anatenga foni, anaitalikitsa, anaiyandikitsa.

"Maluwa awa ndikuwadziwa. Anabwera mitundu itatu, wobiriwira, wa buluu ndi wa njerwa."

"Nanga uwu?"

"Wachinayiwu fakitale yake ili m'thumba mwako, mwana wanga."

Anyamata awo ogulitsa anaphulika nako kuseka. Mmodzi anakuwa kuti, "Dada, chemwali wathu, itanitsa kontena ku fakitale yakoyo, tigawane!"

Mzee Faki sanaseke. Anamubwezera foni mwaulemu. "Usataye nsapato pachabe. Sungaipeze, chifukwa kulibe. Wauzeni eni ake zoona."

Tausi anatuluka makutu akutentha. Dzuwa linali litapendeka kale.

4. Nzeru za Shukuru

Pakona, pafupi ndi mayi wokazinga chinangwa, panakhala Shukuru. Anali winga wa nsapato, mnyamata wa mafoni atatu ndi tcheni chonyezimira m'khosi. Ndiye anaphunzitsa Tausi ntchitoyi, ndipo sankalola kuti aiwale zimenezo.

"Dada Tausi! Nkhope imeneyo ndiye ya chiyani? Foni yagwera m'chimbudzi?"

Tausi anamufotokozera zonse. Shukuru anamvetsera akutafuna, kenaka anaseka mpaka tsabola anamutsamwa.

"Basi? Zomwe ukulirazo ndi zimenezi? Tumiza, iwe!"

"Aona kuti si yomweyo."

"Ndiye uwauze kuti mafoni amasiyana kawalidwe. Uwafunse kuti, Mama, foni yanu ndi ya mtundu wanji? Akangotchula, iwe uti, eya, ndi imeneyo, imawalitsa zinthu. Ndani adzapite nawe kukhoti chifukwa cha papaya?"

"Bi Chausiku akuti ndiwaimbire."

"Bi Chausiku ali ndi nyumba ziwiri ndi galimoto. Iwowo angakwanitse kukhala mngelo. Iwe uli ndi chiyani? Ukawaimbira akana nsalu, akuseka, ndipo mawa agula kwa winga wina amene filita yake ndi yamphamvu kuposa yako. Mbewa ya manyazi inafera kuuna, dada."

"Nanga akandiyalutsa m'magulu mwawo?"

"Uwabuloke asanayambe. Laini yatsopano, dzina latsopano, chithunzi cha maluwa m'malo mwa nkhope. Ine dzina ndili naloli ndi lachitatu, ndafa?"

Sanafe ndithu. Koma Shukuru sananene kuti akamva basi ya ku Morogoro yafika, iye amasowa pakonapo mpaka madzulo, kuopa anthu a kumeneko amene anawanamiza. Anthu otere amauza anzawo za msuzi, za minga ya nsomba amasunga okha.

Tausi anachoka osatsazika. Anakaima pamalo owala dzuwa, pafupi ndi khoma, n'kutulutsa chitenje chija m'chikwama. Anachikoleka paphewa. Anatsegula dzina la Mama Lusajo, anapuma kwambiri, n'kudina chizindikiro cha vidiyo.

Foni inayamba kuitana. Nkhope yake yomwe inaonekera pagalasi, yathukuta, maso ali psu, njerwa ili paphewa.

Inaitana kachiwiri.

Tausi anadula.

Nthawi yomweyo uthenga unalowa. "Unaimba, mwanangu? Ndili kwa wophika keke."

Chala chake chinazungulirazungulira pamwamba pa zilembo. Kenaka chinalemba kuti, "Ndinangodina mwangozi, Mama. Katundu akunyamuka posachedwa."

5. Dzina pathumba

Atabwerera kusitolo, Bi Chausiku anali pafoni ndi kasitomala wa ku Kigoma. Anatseka foniyo ndi chikhatho.

"Wayankhula nawo?"

"Eya. Akuti nditumize."

Tausi ananena izi akuyang'ana mashelefu. Bi Chausiku anamuyang'ana nthawi yaitali, ndipo chisoni chinaoneka pankhope pawo. Iye atatambasula dzanja kuti atenge majumbo a sitolo, aja olembedwa dzina ndi nambala ya Bi Chausiku, mayiwo anawakokera kumbuyo.

"Amenewa asiye. Kulunga m'thumba wamba."

Tausi akanakonda kukalipiridwa kusiyana ndi zimenezo.

Anamanga thumba, anaitana wa ngolo, n'kumathamanga pambuyo pake m'chipiringu. Ku ofesi ya mabasi a ku Mbeya anapeza mzere wa mawinga anzake, aliyense ndi katundu wake, aliyense mutu uli pafoni. Panja panaima kalole kotengera katundu kokwerera basi, injini ikulira kale.

"Fulumirani, fulumirani!" ankakuwa kalaliki. "Wotsala agona ndi katundu wake!"

Nthawi yake itakwana, kalalikiyo anavula chivindikiro cha cholembera chachikulu ndi mano.

"Wolandira?"

"Mama Lusajo, Mbeya."

"Wotumiza?"

Tausi anazengereza.

"Dada, dzina lako waiwala? Kumbuyoku kuli anthu."

"Tausi Mbwana."

Analemba pathumbapo ndi zilembo zikuluzikulu zakuda, zooneka ngakhale uli patali. Mnyamata wina analinyamula n'kuliponya m'kalole, wina anaponyapo katoni pamwamba pake. Chitseko chinatsekedwa, ndipo kaloleko kanalowa m'msewu kakuliza hutala.

Tausi anali atajambula thumbalo lisanakwere. Anatumiza chithunzi, pansi pake n'kulemba kuti, "Wanyamuka, Mama."

Anaganiza kuti tsopano mtima ukhala pansi. Anagula madzi ozizira, koma botolo lisanafike pakamwa foni inanjenjemera. Inanjenjemeranso. Kenaka inayamba kunjenjemera mosalekeza.

Mama Lusajo anali atamulowetsa m'gulu la WhatsApp la amayi a ku Mbeya. Pamwamba penipeni anaikapo chithunzi chija cha papaya, ndipo pansi pake analemba kuti: "Amayi, uyu ndiye Tausi, mwana wathu wa ku Kariakoo. Sindinamuonepo, koma ndikumuikira umboni ine. Chimene waona pachithunzi ndi chimene umalandira. Musavutikenso ndi akuba a pa intaneti."

Mauthenga anatsika ngati mvula.

"Tausi, inenso ndikufuna yomweyo, ya kwaya yathu."

"Mwanangu, undisungire ya ukwati wa mwezi wa mawa."

"Nambala yotumizira ndalama ndi yomweyi?"

Zimene analakalaka chiyambireni ntchitoyi zinafika zonse nthawi imodzi, ndipo zonse zinkafuna nsalu yomwe kulibe. Tausi anataya botolo n'kuthamangira mkati, kukankha anthu a pamzere.

"Kaka, achimwene, katundu uja abwezeni! Thumba la ku Mbeya lija, chonde!"

Kalaliki sanadzutse n'komwe mutu. "Lapita limenelo. Imbira dalaivala ngati ndi mlamu wako. Wotsatira!"

Anatulukanso panja, n'kuima pakati pa njira anthu akumugunda uku ndi uku. Anayang'ana kumene kalole kanalowera, koma kunali madaladala okhaokha. Foni inanjenjemera m'manja mwake. Unali uthenga wina wa mawu, woikidwa pagulu kuti aliyense amve.

"Tausi mwanangu," anatero Mama Lusajo mawu ali odzaza chimwemwe, "thumba lako sititsegulira kubasi ayi. Mawa amayi onse a komiti asonkhana kwathu, Tumpale ndi apongozi ake akhalaponso. Tilitsegulira pamaso pa onse, ndipo tikuimbira pavidiyo kuti akuone nkhope, akuombere m'manja. Uvale bwino, wamva?"

Pansi pake mayi wina analemba kuti, "Wawerenga koma sakuyankha. Tausi, uli pomwepo?"